Ola la Banyira

Wotchi ndavala kumkonoyi si yolakwika, ndipo ndatopa nako kuuzidwa. M'sitima, mu basi, ngakhale kutchalitchi, sipalephera kupezeka wina wachifundo wondikodola n'kundinong'oneza kuti mayi, wotchi yanu yathamanga. Ndimangoti zikomo. Ndikanakhala ndi mtima wanga wakale uja, bwenzi ndikuwafunsa ngati anandigulira ndi iwo. Sinathamange ayi. Ikunena nthawi ya kwathu ku Ntcheu, ndipo yakhala ikutero kuyambira chaka chimene ndinafika kuno.

Inali ya abambo anga. Iwo anagwira ntchito ku njanji zaka zambirimbiri, kulemba nthawi imene sitima yafika ndi imene yanyamuka, ndipo atapuma khalidwe limenelo anabwera nalo kumudzi. Kwathu kudya kunali ndi ola lake, kutsekera mbuzi ola lake. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti munthu amene mwapangana naye mumamudikira ola lathunthu, osachotsera, osawonjezera. Likakwana mumanyamuka, mlandu mulibe.

Nditawauza kuti ndikusiya uphunzitsi chifukwa ndapeza malo a sukulu ku America, sanakondwe n'pang'ono pomwe. Anati mwana wamkazi wosakwatiwa, wa ntchito yake kale, akukasaka chiyani kutsidya kwa nyanja? Tsono ine pakamwa sindinamanidwe. Ndinawayankha, ndipo ndinapyola malire. Ndinati iwo moyo wawo wonse anangokhalira kuonerera sitima za anthu ena zikupita. Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbuka ndimafuna kubisa nkhope. Milungu itatu yotsatira sanandilankhule. Tsiku lonyamuka, pa siteji ya basi, anavula wotchi yawo n'kundimanga nayo kumkono. Lamba wake anali atamuboola kale bowo lina ndi msomali kuti indikwane. Anangoti, "Uziipotokola m'mawa uliwonse." Basi, n'kutembenuka kukatenga njinga yawo.

Ndinafika kuno mu Juni, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndinafikira ku Silver Spring, pa nsanjika yachinayi, kwa msuweni wa amayi anga amene ndinkawatchula kuti amalume. Iwo ankagwira ntchito ku banki ina ya mayiko ambiri m'tauni. Akazi awo anali a ku Lusaka, mayi wa phokoso ndi mtima wabwino, ndipo ndinkawatchula kuti anti. Tsiku loyamba lomwelo amalume anandivula wotchi ija n'kuitchera nthawi ya kuno. "Kwathu ali patsogolo ndi maola sikisi," anatero. "Ukafuna nthawi ya kumudzi, uziwonjezera sikisi." Ndinamusunga sikisi ameneyo m'mutu ngati vesi la ku Sande sukulu.

Makalata ankabwera, inde, olembedwa ndi dzanja la abambo, chifukwa amayi sukulu sanapite nayo patali. Koma mzere uliwonse unkayamba ndi "Amayi ako akuti". Amayi ako akuti chimanga chatuwa. Amayi ako akuti uzivala juzi. Eni dzanjawo analibe choti anene. Ndinkawerenga kalata iliyonse kawiri katatu, kufufuza liwu limodzi lokha lochokera kwa iwo, osalipeza. Ndinkawasowa abambo anga. Ndinkasowa mawu awo, aja okhuthala oyamba ndi kukhosomola pang'ono, amene ankandiitana nawo ndikachedwa kudzuka.

Anti ndi amene anaona kuti ndikuwonda ndi maganizo. Tsiku lina anandiponyera kanthu pamiyendo. "Iwe, leka kuganiza maningi, uzadwala. Tenga aka uzisewela nako."

Kanali kabokosi kapulasitiki kokwana m'manja, ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iliyonse mtundu wake: yoyera, yofiira, yachikasu, yobiriwira, yabuluu ndi ya olenji. Mbali zake zinkazungulira, ndipo ukangozipotoza kangapo mitundu yonse inkasokonekera. Ntchito inali yoibweza kuti mbali iliyonse ikhalenso ya mtundu umodzi. Chaka chimenecho kabokosika kanapengetsa tauni yonse. M'sitima ya mzere wofiira umaona bambo wa tayi, mwana wa sukulu, namwino wochokera ku ntchito, onse atazyolika, kwetche kwetche. M'nyumba mwathu tinkakatchula kuti kazunguza.

Pa kazunguza yemweyo panali mpikisano wa anthu a kwathu, ndipo chiyambi chake chinali choseketsa. Kuno boma limasintha mawotchi kawiri pachaka. Masiku amenewo ankawabweza ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, n'kuwakankhiranso kutsogolo mu Epulo. Chaka cha m'mbuyo mwake mabanja angapo a ku Malawi ndi ku Zambia, amene ankasonkhana kwa amalume Lamulungu kuti apitire limodzi kutchalitchi, anaiwala kubweza mawotchi awo. Anafika ola lathunthu nthawi isanakwane, atavala masuti, opanda chochita. Wina anatulutsa kazunguza m'thumba, mpikisano n'kuyambika. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Mu Epulo, ola likabedwa, ankapikisana chiimirire, majasi ali m'thupi, kamodzi kokha. Koma mu Okutobala linali phwando lenileni, la tiyi ndi mandasi.

Dzina la ola lowonjezeralo ndiye linali mkangano wosatha. Anti ankati ndi ola ya mbasela. Amalume ankati ayi, Chichewa chake ndi banyira, kaja wogulitsa tomato amakuponyera pamwamba ukagula mulu. Onse awiri ankanena chinthu chimodzi, koma ankatha kukangana mpaka tiyi kuzizira. Wopambana ankapatsidwa ulemu waukulu kwambiri m'nyumbamo: nthutumba ya nkhuku pa chakudya cha masana, ndiponso osatsuka mbale pa misonkhano yonse mpaka mawotchi adzasinthenso.

Maulendo awiri onsewo anapambana anali mkulu wina wa ku Mulanje, katswiri wa masamu, wogwira ntchito ku Greenbelt kumalo ofufuza za mlengalenga. Anali munthu wabwinobwino, kungoti matama. Atandiona ndikulimbana ndi kazunguza pakona, anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, izi zimafuna masamu, si kusenda mbatata."

Ha! Akanadziwa sakanatero. Kuyambira tsiku limenelo kazunguza sanachokenso m'manja mwanga. Ndinkamupotoza mu basi yopita kusukulu, podikira sitima, m'chipinda chochapira zovala pansi pa nyumba. Kumbuyo kwa kope langa ndinkalemba njira zimene ndatulukira, ndi maina anga ndekha. Ina inali "kutsitsa mlendo", ina "kutseka chitseko", ina "apongozi adutse". Zala zinachita kutupa. Pofika Sepitembala ndinkamaliza kubweza mitundu yonse tiyi asanawire.

M'mwezi womwewo munabwera kalata. Amayi ako akuti, amayi ako akuti, mpaka m'munsi. Koma pansi penipeni, pambuyo pa siginecha, panali mizere iwiri yolembedwa timalemba ting'onoting'ono:

"Ngati kumeneko kuli lamya, ine ndikhoza kupalasa kupita kwa msuweni wako ku boma Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ndidzakhala pa lamya folo koloko madzulo."

Ine. Analemba kuti ine. Ndinakhala pansi pa masitepe pomwepo, pafupi ndi timabokosi ta makalata, n'kulira ngati mwana. Msuweni wangayo anali kalaliki, ndipo nyumba yake ndi yokhayo mwa abale athu imene inali ndi foni. Kuchokera kumudzi kwathu unali ulendo wa maola awiri pa njinga, wokwera ndi kutsika. Ndinawerengera pa zala: folo kuchotsa sikisi, teni koloko m'mawa. Ndinayankha tsiku lomwelo kuti ndamva, ndidzaimba. Kwa amalume ndinangopempha kuti Lamulungu limenelo, teni koloko, andilole kuimba kumudzi. Anati palibe vuto, mphindi zitatu. Za folo koloko sindinatchule, poti ndinkaona ngati masamu ndathana nawo kale.

Tsikulo linafika kukuzizira, masamba ofiira ali mbwee pa magalimoto panja. Lamulo la mpikisano linali lakuti aliyense abwere wotchi yake asanaibweze, tidzabwezere limodzi. Anthu anadzaza pabalaza, majasi ataunjikidwa pabedi langa. Anti anaimirira pakati, n'kugogoda kapu ndi supuni.

"Manje bonse bwezani nkoloko zanu! Ola ya mbasela yayamba!"

"Banyira!" anakuwa amalume ali kukhitchini.

Ndinayang'ana kumkono. Teni koloko ndendende. Ndinapita kwa amalume. "Amalume, ndiimbe tsopano?"

"Unati teni? Teni sinakwane, mphwanga. Pano ndi naini, boma lanena. Ukhala ngati anthu aja anafika ndi masuti kulibe tchalitchi."

Anthu anaseka, nane ndinaseka. Ndinakoka kachitsulo ka wotchi ya abambo n'kubweza muvi mpaka pa naini. Mukhoza kundiseka, koma ine ndinkaganiza kuti dziko lonse lapansi labweza tsiku limenelo, monga Khirisimasi imafikira ponseponse tsiku limodzi. Sindinaganizepo kuti ndi nkhani ya kuno kokha. Ndani akanandiuza, poti sindinafunse?

Mwa mawotchi onse m'nyumbamo, yanga ndi imene inali ndi kamuvi kowerenga masekondi kooneka bwino. Anti anandivula n'kuigwira m'manja ngati woyimbira mpira. Tinali anthu asanu ndi atatu, tikupikisana awiriawiri. Timabokosi ankatisokoneza anti omwewo, manja ali pansi pa chitenje kuti wina asaonere. Amalume anatuluka mumpikisano ulendo woyamba, ataika kazunguza wawo pansi n'kunena kuti anapangidwa molakwika. Mayi wina wa ku Chipata anagwidwa akumatula timapepala ta mitundu ndi chikhadabo, ndipo anaweruzidwa kuti akawotche tiyi wina. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinama, ola limenelo ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chifikireni m'dziko lino. Ndinkaba maso kuyang'ana wotchi m'manja mwa anti, ndikudziuza kuti kwatsala mphindi makumi anayi ndimve mawu a abambo, kwatsala makumi awiri.

Pomaliza tinatsala awiri, ine ndi mkulu wa ku Greenbelt uja. Anavula jekete, n'kupinda malaya, n'kuwomba zala. Anti anati, "Tiyeni!" Sindinamve chilichonse koma kwetche kwetche. Yoyera inatha. Mzere wapakati unatha. Ndinatsitsa mlendo, ndinatseka chitseko, apongozi anadutsa, ndipo ndinamenyetsa kazunguza patebulo mpaka makapu analira. Mkuluyo anali akadali ndi makona awiri otembenuka.

Anti anaimba nthungululu mpaka wokhala pansi pathu anagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache. Ine ndinayang'ana mkuluyo m'maso n'kumuuza kuti, "Achimwene, mbatata zasendeka." Anagwada pa kapeti n'kuwomba m'manja mwaulemu, anthu ali gwegwede ndi phwete.

Teni koloko yatsopano itakwana ndinalowa kukhitchini, kumene foni inali pakhoma. Masiku amenewo kuimba kwathu umadzera kwa opareta, n'kudikira. Ndinadikira mwina mphindi khumi, chingwe ndikuchikulunga ku chala. Kenako ndinamva kulira kwa foni kutali, ngati pansi pa chitsime. Anayankha anali mkazi wa msuweni wanga.

"Alamu! Ndinu? Aa, mwachedwa bwanji? Abambo angochoka kumene."

"Kuchedwa? Si folo koloko kodi?"

Mawu anga ankabwerera okha m'khutu mwanga asanandiyankhe.

"Folo yake iti? Faifi yadutsa kale. Anafika hafu pasiti firii, atavala jekete ndi tayi, kutentha konseku. Anakhala pampando pafupi ndi foni, tiyi anakana, ati angawapeze ali ndi chinthu m'kamwa. Faifi itangokwana anaimirira, ati ola lakwana, mdima ungawapeze ku dambo."

"Athamangireni! Chonde, alamu, tumani wina!"

Ndinamva akuika foni pansi, mapazi, chitseko, kukuwa panja. Ndinamva ngakhale tambala akulira, tambala wa kwathu, ine ndili m'khitchini ku Silver Spring. Atabwerera anali wefuwefu. "Njinga yakhota kale pa chigayo. Pali potsetsereka paja, sitingawapeze."

Sindikumbuka kuti ndinatsanzika bwanji. Nditabwerera pabalaza ndinapeza kuti onse amva. Amalume anagwira mutu ndi manja awiri. "Mayo ine, bwanji sunanene kuti mwapangana folo ya kumudzi?" Mkulu wa ku Greenbelt uja ndi amene anabwera kudzakhala pafupi nane, matama onse atathera panja. Analankhula motsitsa. "Achemwali, kwathu sabweza mawotchi. Kuyambira lero mpaka Epulo ndi seveni, osati sikisi. Teni yakale ija ndiyo inali folo yawo."

Choncho pamene ndinkakoka kachitsulo kaja ndikuseka, abambo anali atakhala kale pampando, maso pa foni. Ola lonse limene ine ndinkatsitsa mlendo ndi kutseka chitseko, iwo anali kudikira, ndipo ndi wotchi yawo yomwe imene tinkawerengera masewera athu. Banyira amachoka pa mulu wa munthu wina. Wathuyo anachoka pa abambo anga.

Nthutumba sindinadye. Ndinatenga wotchi kwa anti, n'kuikankhira kutsogolo maola seveni, faifi koloko ndi mphindi zake. Sindinaisinthenso kuyambira pamenepo.

Tsiku lomwelo ndinalemba masamba anayi, kufotokoza za boma la kuno ndi mawotchi ake, kupepesa, kulumbira. Yankho linatenga mwezi. Linalibe "amayi ako akuti" ngakhale mmodzi. Analemba kuti, "Ndamva. Kuno dzuwa silinabwerere m'mbuyo tsiku limenelo, n'chifukwa chake sindinadziwe. Anthu osewera ndi nthawi ndi oopsa, uzisamala nawo. Mvula yayamba, dambo ladzaza, njinga siingadutse. Tidzayesanso mu Meyi njira ikauma. Undiuziretu ngati adzakhale atasinthanso."

Ndinaseka ndi misozi. Ndinalemba pa kalendala, ndinafunsa mkulu wa masamu uja kawiri konse kuti anditsimikizire za maola a mu Meyi. Ndinkawerenga masiku ngati mayi woyembekezera.

Mu Febuluwale munabwera kalata ya dzanja lachilendo, la mphunzitsi wa pasukulu ya kwathu. Abambo anagwa ali kumunda. Sanamwalire, koma mbali ya kumanja inafa, ndipo lilime linapita nayo.

Panapita zaka zitatu ndisanathe kupita kumudzi. Ndinawapeza pakhonde, pampando wa ndalema, atachepa thupi, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kutulutsa kaphokoso ka kukhosi, kaja kankayamba mawu awo kale, koma mawu osatsatira. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga. Ndinapepesa za foni. Ndinapepesa za sitima za anthu ena zija. Anangondiyang'ana, kenako ndi dzanja lamanzere anagwira mkono wanga n'kuutembenuza kuti aone wotchi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. M'nyumba wailesi inali ikulira, ndipo italengeza kuti nthawi yakwana sikisi koloko, anayang'ananso muvi uja. Unali pa sikisi ndendende. Anagwedeza mutu kamodzi, n'kugogoda galasi lake ndi chala, koma mkono wanga sanausiye.

M'mawa mwake amayi anandiitanira kuchipinda. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa jekete lija, n'kupisa m'thumba la m'kati. "Anamva kuti pa lamya amangopatsa mphindi zitatu," anatero amayi. "Ndiye analemberatu kuti asataye nthawi. Ine sindiwerenga, koma ndinati ndi zako."

Kanali kapepala kong'ambidwa m'kope, kopindidwa kanayi. Dzanja lawo lomwe lija, loongoka, la ku njanji.

1. Moni, ndi za kumunda.
2. Wotchi ikuyenda bwino?
3. Ichi n'chapakamwa.

Ndinatuluka nako kapepalako, n'kukagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuloza nambala yachitatuyo. Ndinati, "Ababa, chinali chiyani?" Anayesa. Ndinaona khosi lawo likulimbana, milomo ikunjenjemera, mpaka thukuta linatuluka pamphumi. Kenako anatseka maso. Ndinawapukuta ndi chitenje changa, ndipo sindinawafunsenso.

Anakhala zaka zina zinayi, osalankhula. Ine ndinabwerera kuno, ndinamaliza sukulu, ndinagwira ntchito, ndinakwatiwa, ndakalamba. Mpikisano uja unazilala wokha pamene anthu anatopa ndi kazunguza, ndipo ambiri a m'nyumba ija anabwerera kwawo kapena anatsogola. Wanga ndikadali naye m'kabati, mitundu yake yonse ili m'malo mwake kuyambira tsiku lija, ndipo zidzukulu zanga zimadziwa kuti ameneyo sagwidwa.

Chachitatucho ndachiganizira m'njira zonse. Mwina ankafuna kundikalipira bwinobwino, ndi pakamwa, monga ndinayenera. Mwina ankafuna kunena kuti ndinachita bwino kupita. Masiku ena ndimasankha ichi, ena icho. Koma kunena zoona, sindikufunanso kudziwa kuti chinali chiyani. Ndikanangomva mawuwo basi, ngakhale akanangonena za mbuzi.

Chaka chilichonse masamba akayamba kugwa, anzanga a kuno amasangalala kuti agona ola lowonjezera. Ana anga amazungulira m'nyumba kubweza ya pa chitofu, ya pakhoma, ya m'galimoto. Ine ndimadzuka m'mawa monga mwa masiku onse, ndimapotokola ya abambo, ndipo ikamati folo koloko ndimapezeka ndakhala pafupi ndi foni.